DZUWA SILINAMA, AKUNAMA NDI ANTHU

Pali bodza lina limene layamba kumera mizu m'matauni mwathu muno, ndipo tikapanda kulizula msanga litisiya mumdima zaka zina makumi atatu. Bodzali likunenedwa m'minibasi, m'maofesi, ngakhale pa maliro. Akuti sola ndi chinyengo. Akuti imagwira miyezi isanu ndi umodzi kenako n'kufa. Akuti amisiri oika sola ndi mbava zokwera pa denga masanasana. Ine ndine mmodzi wa amisiri amenewa, ndipo lero ndati ndiyankhe. Sindikuikira kumbuyo aliyense wonyamula pulayala ndi makwerero, ayi. Pakati pathu mbava zilipo ndithu, ndipo ntchito zawo ndiziulula pompano. Koma mlandu uwu wagamulidwa woimbidwa mlandu asanatsegule pakamwa, monga zinkachitikira m'makhothi aja a Traditional Court a nthawi ya chipani chimodzi, m'mene munthu sankaloledwa ndi loya yemwe. Masiku amenewo tinawakana pa 14 Juni 1993. Tsono mundilole ndilankhule.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi a m'nyanja akatsika, monga mu 2016 ndi 2017, timagona mumdima. Mvula ikachuluka timagonanso mumdima: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo ma megawati pafupifupi 130 anazimiratu mpaka mu 2023. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 alionse, 11 okha ndiwo ankaunikira nyumba ndi magetsi, pamene oposa theka ankadalira tochi ya mabatire. Dziko lotere silingachite masewera ndi dzuwa.

Ndipo dzuwalo laonetsa kale kuti limagwira ntchito. Ku Salima kampani ya JCM Power inatsegula munda wa mapanelo wa ma megawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti kunatsegulidwa wina wa ma megawati 20, wokhala ndi mabatire ake, mu 2022. Dzuwa la ku Salima ndi lomwelo limene limaomba pa denga lanu ku Chilomoni, ku Area 25 kapena ku Katoto. Nanga bwanji kumeneko likupereka magetsi, koma kwanu likupereka madandaulo? Yankho lake lili pakati pa sitolo, denga, waya ndi ofesi ya boma.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Vuto loyamba mmisiri amakumana nalo asanakwere n'komwe pa denga, ndipo vutolo ndi katundu. Yendani m'masitolo a ku Limbe, mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe kapena pa msika wa Mzuzu. Mupeza mapanelo onyezimira atatsamira khoma, kumbuyo kwake atamata kapepala kolembedwa ma watt 300. Kapepalako n'kosavuta kudinda. Ngakhale mwana wa sukulu wodziwa kompyuta angathe. Koma dzuwa siliwerenga kapepala. Masana likakhala paliwombo, kumwamba kuli mbee, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amalandira mphamvu pafupifupi ma watt 1,000. Panelo yabwino ya masiku ano imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvuyo, ndiye kuti ma watt 200. Choncho panelo yoona ya ma watt 300 iyenera kufika pafupifupi mita imodzi ndi theka m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Wina akakugulitsani kapanelo kofanana ndi thireyi yoperekera tiyi nati ndi ma watt 300, musavutike kufunafuna injiniya. Tepi ya telala yomweyi ikuuzani kuti mwaberedwa.

Batire ndiye nkhani yomvetsa chisoni koposa. Batire la mtovu limasunga mphamvu mu mtovu umene uli m'kati mwake, ndipo mtovu ndi wolemera. Batire loona la ma volt 12 lolembedwa 200Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 60, kuposa thumba la chimanga. Mukaona lolembedwa chimodzimodzi koma mnyamata wa m'sitolo akulinyamula ndi dzanja limodzi ngati chikwama cha kutchalitchi, dziwani kuti m'katimo muli nyerere. Ena amagulitsa batire la galimoto nati ndi la sola. Batire la galimoto analipanga kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwenso nthawi yomweyo. Mukamaliyamwa usiku wonse tsiku ndi tsiku, silimaliza chaka.

Tsono funso langa nali. Kodi katundu ameneyu anagwa kumwamba ngati matalala? Ayi ndithu. Analowa pa chipata cha Mwanza, cha Dedza, cha Songwe, cha Mchinji, ali ndi mapepala odindidwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuyambira 1972, ndipo ntchito yake ndi kuona kuti chimene chalembedwa pa katundu ndi chimenedi chili m'kati. Mu 2019 boma linachotsa msonkho wa VAT pa mapanelo ndi zipangizo zina za sola. Linachita bwino. Koma kutsegula chitseko popanda kuika mlonda ndi kuitana mlendo ndi fisi yemwe, ndipo msonkho umene boma linakhululuka unathandizanso ogulitsa zinyalala. Mmisiri woona mtima akalemba kotesheni ya katundu weniweni, bwana amaseka nati: mnzako uja wandiuza theka la mtengowu. Theka la mtengo limabwera ndi theka la mtovu, bwana!

DZUWA LATHU LILI NDI MALAMULO AKE

Tinene kuti katundu wapezeka weniweni. Ntchito ikadalipo. Dziko lathu lili kummwera kwa Equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene masiku ali aafupi, dzuwa limayenda mopendekera kumpoto, choncho panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15. Inu abale amene munabwerera kuchokera ku London kapena ku America munazolowera kuona mapanelo akuyang'ana kummwera, ndipo timabuku tambiri tobwera m'makatoni timanena zomwezo, chifukwa tinalembedwera anthu a kumeneko. Kuno n'kwina. Koma ndani anamanga nyumba ku Ndirande ataganizira za kumpoto? Madenga ambiri amayang'ana kumene puloti inalola. Mmisiri amayenera kuwotcherera felemu yotembenuza mapanelo, ndipo felemuyo imafuna ndalama zimene mwini nyumba amaziona ngati zowonjezera mwadala.

Kenako pali kutentha. Ambiri amaganiza kuti dzuwa likamawotcha kwambiri ndiye kuti magetsi achuluka. Si zoona. Panelo imadya kuwala, koma kutentha imadana nako. Nambala yolembedwa kumbuyo ija amaiyeza panelo ili pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yoposa pamenepo imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Mu Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kumapyola madigiri 40, galasi la panelo limafika madigiri 65. Werengani nokha: panelo ya ma watt 300 imatsala ndi pafupifupi 250. N'chifukwa chake timasiya mpata pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa, ndipo amene amagoneka panelo pa malata penipeni akuiwotcha ngati mbatata. Batire nalo n'chimodzimodzi: madigiri 10 alionse oposa 25 amadula moyo wa batire la mtovu pafupifupi ndi theka. Koma pitani mukaone kumene anthu amatiuza kuti tiike mabatire: m'kasitolo kopanda zenera, pansi pa malata, pambali pa matumba a makala.

Mthunzi nawo ndi mdani wakachetechete. Mapanelo timawalumikiza mndandanda ngati ana ogwirana manja, ndipo mmodzi akafooka amafooketsa anzake. Nthambi imodzi ya mango, thanki ya madzi, dishi ya kanema, ngakhale zitosi za nkhunda, zimatha kugwetsa mphamvu ya mzere wonse. Mmisiri akabwera mu Disembala saona mthunzi umene udzagwe mu Juni pokhapokha ataudziwa ulendo wa dzuwa. Onjezani fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, onjezaninso chiperoni cha ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre chimene chimabisa dzuwa masiku atatu kapena anayi motsatizana. Mmisiri amene sanawerengere masiku amenewa sanakuwerengereni kanthu. Anangokukhomerani magalasi pa denga.

MOTO WOSAFUNA KUZIMA

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo: waya. Pali lamulo limodzi la magetsi limene munthu aliyense wogula sola ayenera kulidziwa. Ma volt akachepa, ma amp amachuluka, ndipo ma amp ndiwo amatenthetsa waya. Chipangizo cha ma watt 1,000 pa magetsi a m'nyumba a ma volt 230 chimakoka ma amp anayi ndi pang'ono. Chipangizo chomwecho chikamakoka kuchokera pa batire la ma volt 12 chimafuna ma amp oposa 80. Waya wochokera pa batire kupita pa inveta ayenera kukhala wonenepa ngati chala, waufupi, womangidwa zolimba, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batirelo. Koma ine ndapeza m'nyumba za anthu ophunzira, a madigiri awiri, batire litalumikizidwa ndi waya wa sipika, wopota ndi manja, wokulungidwa ndi jumbo. Waya wina amene wadzaza pa msika amaoneka wa mkuwa kunja kokha, m'kati muli aluminiyamu. Mupaleni ndi mpeni, aonetsa kuyera kwake. Waya wotere amataya mphamvu m'njira, amatentha, ndipo tsiku lina amayatsa siling'i.

Magetsi ochokera pa panelo ndi pa batire ndi a mtundu wa DC, osiyana ndi a ESCOM amene ndi a AC. A ESCOM amapita ndi kubwerera, ndipo pa sekondi iliyonse amafika pa ziro ka 100, choncho moto ukathetheka pa switchi umazima wokha. A DC amayenda mbali imodzi osapuma, ndipo akayamba kuthetheka pamfundo yomasuka amapitiriza ngati moto wa wowotcherera zitsulo. N'chifukwa chake amafuna mabuleka akeake a DC. Koma poti a AC ndi otsika mtengo ndipo ali m'sitolo iliyonse, amisiri a ganyu amaika omwewo. Mapanelo khumi olumikizidwa mndandanda amatha kupyola ma volt 400, ndipo alibe switchi yozimitsira dzuwa. Malinga kunja kwacha, waya ameneyo ndi wamoyo, ngakhale ESCOM itazimitsa dziko lonse.

Palinso mphenzi. Chitsulo chili pamwamba pa nyumba, mawaya akutsikira m'chipinda chogona ana, ndipo dzinja lathu mukulidziwa. Felemu ndi mapanelo ziyenera kulumikizidwa ku ndodo ya mkuwa yokhomeredwa pansi, ndipo payenera kukhala kachipangizo koteteza inveta magetsi akalumpha. Koma yesani kukhoma ndodo ya mita ndi theka m'miyala ya m'mphepete mwa phiri la Soche, kapena mumchenga wouma wa kunyanja, kumene dothi silitenga magetsi bwino. Pamafunika ndodo zingapo ndi mita yoyezera. Waulesi amadula ndodo pakati, n'kukhoma kachidutswa, n'kukwirira. Mwini nyumba saona kanthu mpaka mvula ya Disembala.

PA DENGA

Amene amati timadya ndalama zaulere akwere nafe tsiku limodzi. Panelo yaikulu ya masiku ano, ya ma watt 550, ndi yaitali kuposa mamita awiri ndipo imalemera makilogalamu oposa 25. Khumi zotere ndi matumba asanu a chimanga atakhala pa denga usana ndi usiku kwa zaka 20. Denga lake liti? Malata opyapyala amene amabonyoka ukangoponda, okhomedwa ndi misomali pa mitengo ya bulugamu imene chiswe chinayamba kale kudya. Landilodi anamanga mothamanga kuti ayambe kutolera lendi. Bowo lililonse limene tingaboole ndi khomo la mvula ngati sitilitseka bwino, ndipo denga likadontha ngakhale pa ngodya ina imene sitinafikeko, wolakwa amakhala wa sola.

Kulemera si vuto lokhalo. Mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja, imene chaka ndi chaka imasasula madenga a sukulu, imalowa pansi pa panelo n'kuinyamula ngati lichero. Panelo iyenera kugwira mtanda wa denga, osati lata lokha. Ndaonapo mapanelo omangidwa ndi waya wa mpanda, ena otsamiritsidwa ndi njerwa, ena omangidwa ndi linya. Ndipo anyamata amene timakwera nawo pamwambapo, pa malata otentha ngati chiwaya, ambiri alibe lamba wodzimangirira, alibe chisoti, alibe inshulansi. Akagwa, nkhani imathera pa chipepeso cha thumba la ufa. Mutu umodzi susenza denga, koma m'dziko muno denga lonse la mlanduwu talisenzetsa mmisiri.

NANUNSO A BWANA

Musaganize kuti ndikusiyani inu ogula. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mmisiri akafika amafunsa kuti: mukufuna kuyatsa chiyani? Mumayankha kuti mababu, kanema ndi firiji basi. Iye amawerengera zomwezo. Akangotuluka pa geti mumalumikiza ayironi, ketulo, kuka ndi giza. Tiyeni tiwerengere limodzi. Panelo ya ma watt 300, pa tsiku la dzuwa labwino, tikachotsa zotayika m'njira, imapereka yuniti imodzi ndi pang'ono. Giza wa ma watt 3,000 amadya mayuniti atatu pa ola limodzi. Ndiye kuti thukuta la tsiku lonse la mapanelo awiri kapena atatu limathera pa kusamba kwa bwana m'mawa umodzi. Batire lija la 200Ah limasunga mayuniti 2.4, koma la mtovu siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, choncho anu enieni ndi 1.2. Mukamalikama mpaka kuuma usiku uliwonse, musadabwe likafa Khirisimasi isanafike. Mabatire a lithiamu amapirira kuposa apa ndipo amakhala zaka zambiri, koma ndi odula, ndipo amafuna mmisiri wodziwa kuwagwirizanitsa ndi inveta, osati wongoyerekeza.

Firiji ndi pampu ya madzi zimakoka mphamvu kangapo kuposa nambala yolembedwa pa nthawi imene zikuyamba kulira. Inveta yaing'ono imangodzizimitsa, inu n'kumati yaonongeka. Nyumba zambiri za m'tauni waya wake anasokonezedwa ndi amisiri asanu osiyana, aliyense kuwonjezera chipinda chake, popanda pepala loonetsa kuti waya uyu akupita kuti. Kuti tilekanitse mababu ndi masoketi opepuka ku giza ndi kuka timatha masiku awiri m'siling'i, pamodzi ndi makoswe. Ntchito imeneyi sioneka, choncho palibe amene amafuna kuilipira.

Koma tchimo lalikulu ndi ili, ndipo ndikulinena mokweza. Pali anthu amene amatenga waya wa mapulagi awiri, mbali ina pa inveta, mbali ina pa soketi ya pakhoma, kuti nyumba yonse iyake popanda switchi yolekanitsa nyumbayo ndi mawaya a ESCOM. Magetsi amenewo sathera m'nyumba mwanu. Amatuluka kudzera pa mita, n'kukafika pa thiransifoma, ndipo thiransifoma imagwira mbali zonse ziwiri: ma volt 230 anu imatha kuwakweza kufika 11,000. Pa polo pali mwana wa munthu amene wauzidwa kuti laini yazimitsidwa. Kupulumutsa ndalama ya switchi imodzi n'kuika moyo wa bambo wa ana pachiswe, kumeneko si kuchenjera. Ndi kupha.

TENDA IKACHULUKA NDI MATENDA

Azungu amati tender, ife timati tenda, ndipo chinenero chathu sichinalakwe: zikachuluka ndi matenda. Ndaitanidwapo ku zipatala zazing'ono zingapo za kumidzi kukaona sola yakufa. Nkhani yake imakhala imodzimodzi. Pa khoma pali chikwangwani cha mwala chonena za tsiku limene wolemekezeka anadula riboni. Kunali magule, kunali nsalu, kunali ma alawansi. Pa denga mapanelo ali bwinobwino, atakutidwa ndi fumbi la zaka zitatu. M'kachipinda mabatire atupa ngati mikate, madzi anauma kalekale chifukwa palibe anauzidwa kuti amafuna kuthiridwa madzi apadera a batire. Firiji ya katemera, imene iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, yasanduka kabati yosungira mafayilo. Usiku mzamba akubereketsa mayi ataluma foni pakamwa kuti aunikire.

Kodi dzuwa linalakwa chiyani pamenepa? Walira mvula walira matope. Aliyense wodziwa ntchitoyi amadziwa kuti panelo imakhala zaka zoposa 20, koma batire la mtovu m'dera lotentha limafuna kusinthidwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Wopereka thandizo anagula, anajambulitsa, anakwera ndege. Mu bajeti ya chipatala mulibe mzere wa batire. Kontilakiti inapita kwa wotchula mtengo wotsikitsitsa, kapena kwa mlamu wa wina wake amene dzulo lomweli ankagulitsa matayala, ndipo iye anakalemba anyamata a pa msika kuti amukhomere. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a mphamvu za dzuwa ndi mphepo, ndipo m'makoleji a ntchito za manja a pansi pa TEVETA mumatuluka achinyamata odziwa waya. Ambiri a iwo akungoyenda ndi satifiketi mu envulopu, pamene ntchito ya mamiliyoni ikugwiridwa ndi munthu wosadziwa kusiyana kwa volt ndi watt. Kale tinkati ntchito imapita kwa wovala baji ya chipani. Tinasintha boma, tinasintha malamulo, koma khalidwe ili tinalisiya pampando.

Ndipo mmisiri woona mtima akapambana tenda, amapambana ngongole. Panelo, inveta ndi batire zonse zimagulidwa ndi dola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene analemba kotesheni sabata yapitayo anadzuka ali ndi njira ziwiri: kugwira ntchito moluza, kapena kuchepetsa waya ndi kugula batire lopepuka. Malipiro a boma nawo amabwera patapita miyezi, ndalama itasanduka madeya. Dongosolo lotere limalanga woona mtima n'kudalitsa wakuba, kenako timadabwa kuti akuba achuluka.

ZIMENE TIKUFUNA

Sindinalembe izi kuti tingodandaula. Choyamba, a Malawi Bureau of Standards aziyeza mapanelo, mabatire ndi waya asanafike pa shelefu, ndipo azilengeza m'nyuzipepala ndi pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, maina a katundu amene walephera. Sikelo ndi mita yoyezera sizifuna ngongole ya World Bank.

Chachiwiri, bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004 ndipo limapereka ziphaso kwa oika sola, lisathere pa kutolera ndalama ya chiphaso. Lizituma oyendera kukaona ntchito zimene zagwiridwa, lizilanda chiphaso kwa woika buleka ya AC pa waya wa DC, ndipo mndandanda wa amisiri ovomerezeka uzipezeka pa ofesi ya DC aliyense, poti si onse ali ndi intaneti.

Chachitatu, pasakhalenso kontilakiti ya sola ya chipatala kapena sukulu yopanda ndalama yokonzera kwa zaka zisanu, yopanda munthu wa pamalopo wophunzitsidwa kupukuta mapanelo ndi kuyang'anira mabatire, yopanda dzina ndi nambala ya mmisiri zolembedwa pa khoma. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo afunse unduna wa zaumoyo kuti mwa ma sola onse amene anaikidwa m'zipatala, angati akuyaka usiku uno. Yankho liperekedwe poyera.

Chachinayi, mabatire akufa asamathere kudzala. Muli mtovu ndi asidi, ndipo ana athu akusewera pamene anyamata amawaswa ndi nkhwangwa n'kukhuthulira madzi ake m'ngalande. Wogulitsa batire latsopano azikakamizidwa kulandira lakale.

Chachisanu chili kwa inu owerenga. Akuluakulu mukukumbuka masiku amene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi popanda kuonetsa khadi ya chipani kwa mnyamata wa Youth League. Khadi imeneyo tinaitaya, ndipo isadzabwerenso. Koma ilipo khadi imodzi imene muli ndi ufulu wonse woifunsa: chiphaso cha munthu amene akufuna kukwera pa denga lanu. Mufunseni akuonetseni. Mufunseni awerengere pa pepala, inu mukuona, mayuniti amene nyumba yanu imadya pa tsiku. Mufunseni kumpoto ndi kuti. Mufunseni fyuzi ya batire ili pati, ndodo ya mphenzi wakhoma pati, switchi yolekanitsa ndi ESCOM ili pati. Nyamulani batire mumve kulemera kwake. Tengani lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa. Mmisiri weniweni amakondwa ndi mafunso amenewa; wabodza amayamba kuyang'ana wotchi. Safunsa anadya phula.

Ndipo kwa amisiri anzanga ndikuti: tikamabisa wakuba chifukwa ndi mnzathu, dzina limene likuipa ndi lathu tonse. Kanani ntchito imene mwini wake akufuna waya wa sipika. Kuli bwino kugona ndi njala tsiku limodzi kusiyana ndi kudzaitanidwa kukaona phulusa la nyumba imene munaigwira ndi manja anu.

Amalawi anzanga, dzuwa silifuna forex. Silidutsa pa Beira kapena pa Nacala, siliima pa mzere wa mafuta, silifunsa kuti ndinu a chigawo chiti kapena munavotera ndani. Limatuluka m'mawa uliwonse pa denga la nduna ndi pa denga la mlonda wake mofanana. Ngati mphatso yotere ikutikanika, tisaloze kumwamba. Tiloze pa chipata cha dziko, pa tebulo la matenda, pa sitolo, ndi pa galasi lodziyang'anira. Tinatha kuchotsa ulamuliro wa zaka 30 ndi kapepala koponya m'bokosi. Sitingalephere kuchotsa batire labodza pa shelefu.